Yambani ndi madzi, mabedi ochepa ndi tsiku limodzi losasintha

Mayi, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwati m'tauni yanu yaing'onoyo muli malo ongokhala kuseri kwa holo, muli achinyamata ojambula, osema ndi a zisudzo amene alibe poonetsera luso lawo, ndipo mukufuna kuyambitsa dimba la onse loti anthu azikumanirapo. Chikukudetsani nkhawa n'chakuti pamsonkhano woyamba anthu amadzaza, koma mwezi usanathe amayamba kuzimiririka mmodzimmodzi. Mundilole nditalikitseko, chifukwa nkhani imeneyi ili pamtima panga.

Anthu sathawa chifukwa cha ulesi ayi. Amathawa chifukwa abwera kawiri katatu, akhala pabenchi kumvera zokambirana za maudindo ndi malamulo, kenaka abwerera kwawo manja ali oyera, osaona chimene chasintha. Munthu amabwereranso pamalo pamene wasiyapo thukuta lake. Ndiye sankhani tsiku limodzi pasabata ndi nthawi imodzi, maola awiri basi, ndipo tsikulo lisamasunthe kaya mwabwera ambiri kaya ochepa. Ntchito iyambe, zokamba zibwere pamapeto anthu akusamba m'manja. Bedi lililonse likhale ndi mayina a anthu awiri, kuti wina akadwala kapena akachokapo mnzake azithirira. Bedi la "tonse" limauma aliyense akuganiza kuti wina wathirira kale.

Koma musanagwire khasu, onani kaye madzi. Apa ndi pamene madimba ambiri a magulu amafera, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa kuwerengera kwake n'kosavuta. Nthawi yotentha, malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi amamwa malita pafupifupi 5 patsiku. Bedi la mita imodzi mulifupi ndi mamita 5 mulitali lifuna malita 25, kutanthauza makheni awiri ndi theka a malita 10. Mukakonza mabedi khumi, ndiye malita 250 tsiku ndi tsiku, Lamlungu lomwe. Imani pamalopo muyang'ane kumene kuli mpopi kapena chitsime, muwerenge mapazi, mudzifunse kuti adzatunga ndani. Yankho likakhala lokayikitsa, chepetsani mabedi. Mabedi anayi obiriwira amakopa anthu kuposa makumi awiri ofota. Kuphimbira ndi udzu wouma kumathandiza kwambiri, chifukwa chinyontho chimakhalitsa ndipo udzu wosafunika suphuka msanga.

Za malowo, pezani chilolezo cholembedwa kuchokera kwa eni ake, kaya ndi khonsolo, sukulu, mpingo kapena munthu wamba, ndipo pepalalo linene zaka zimene mwaloledwa. Malo amene palibe ankawafuna amapeza eni ambiri akangoyamba kukongola. Funsaninso akuluakulu kuti kale pamalopo pankachitika chiyani. Ngati panali dzala, kapena pankathiridwa oyilo wa galimoto ndi mabatire akutha, musabzale zakudya m'dothi limenelo. Kwezani mabedi ndi njerwa kapena matabwa, mubweretse dothi lochokera kwina. Mpanda nawo musauiwale, pakuti mbuzi imodzi ikhoza kumaliza ntchito ya mwezi wathunthu m'mawa umodzi.

Nthaka muidyetse ndi kompositi yopanga nokha, ndipo iyi ndi ntchito yabwino kwambiri yoyambira gulu chifukwa aliyense ali ndi choti abweretse. Wina masamba ouma, wina makoko a zipatso ndi zotsala za masamba akukhitchini, wina ndowe, wina zitosi za nkhuku, wina phulusa pang'ono. Muunjike mosinthanasinthana, zouma, zaziwisi, ndowe, kadothi pamwamba, mpaka muluwo ufike mita imodzi. Thirani madzi oti mukafinya m'dzanja muzingotuluka timadontho. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku angapo muizule muigwire: ikakhala yotentha ndiye kuti zinthu zikuwola bwino, ikakhala yozizira ndiye kuti muluwo wauma kapena zaziwisi zachepa. Muziutembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo pomatha miyezi iwiri kapena itatu mupeza manyowa akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Ndowe ndi zitosi zosawola musathire pafupi ndi mbande, zimawotcha mizu.

Pa zobzala, yambani ndi masamba ocha msanga kuti anthu alawe chipatso cha ntchito yawo mtima usanagwe. Anyezi amatenga miyezi inayi kapena isanu, choncho asakhale yekha m'dimba. Tomato amakhala pa nazale masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo powokera musiye masentimita 50 mpaka 60 pakati pa mbande. Muzimuthirira patsinde, osati pamasamba, chifukwa masamba onyowa amaitana chiwawu. Karoti safuna kuwokeredwa, mufese pabedi pomwepo. Ndipo kumbukirani kuti tomato, tsabola ndi mabiringano ndi banja limodzi, matenda awo ndi amodzi, kotero asamatsatizane pabedi limodzi. Pamene panali tomato ikanipo nyemba. Mukadzazula nyembazo muwaonetse ana timibulu timene timakhala kumizu: m'menemo mumakhala tizilombo tabwino timene timatenga nayitirojeni mumpweya n'kudyetsa mbewuyo.

Tsopano za aluso, ndipo apa ndikupempha mundimvetsetse. Magulu ambiri amaitana ojambula ndi a zisudzo ntchito yonse itatha, kuti adzasangalatse alendo patsiku lotsegulira, kenaka n'kuwaiwala. Zimenezo zimawawa, ndipo achinyamatawo amaziona. Akhalepo kuyambira tsiku loyeza malo. Wojambula ali ndi diso limene ambirife tilibe: adzakuuzani pamene njira ingakhotere bwino, khoma limene limaoneka kuchokera kumsewu, ndi pamene maluwa angakhale kuti munthu wodutsa aime. Wosema apange zikwangwani za mabedi ndi benchi ya pamthunzi. Woumba aumbe miphika ya maluwa, woluka aluke madengu okololera. A zisudzo ndi alakatuli muwasiyire bwalo, ngakhale laling'ono, losalazidwa bwino pansi pa mtengo, ndipo bwalolo musalibzalepo kanthu ngakhale mabedi atakucheperani. Kamodzi pamwezi, ntchito ikatha, pakhale sewero lalifupi, ndakatulo kapena nyimbo. Pali anthu amene sangabwerere kabichi koma angabwerere sewero, ndipo akakhala pabenchi paja maso amagwera pamabedi, mawa lake mumawaona atanyamula kheni.

Ngati mujambula pakhoma la holo, likhale louma, mulipale bwino, muyambe ndi penti woyalira pansi, ndipo mugwiritse ntchito penti wakunja wopirira dzuwa ndi mvula. Popala penti wakalekale ana asakhale pafupi ndipo fumbi lake lisagwere m'mabedi, chifukwa penti wina wakale amakhala ndi mtovu, chitsulo cha poizoni. Wojambulayo alembe dzina lake pakona. Ndipo chonde, musamuuze kuti malipiro ake ndi kutchuka. Ngati ndalama palibe, nenani poyera kuti palibe, gulu ligule penti ndi maburashi, ndipo tsiku limene mudzagulitse zokolola iyenso ayale zojambula zake pambali, ndalama yake ikhale yake.

Kuti muone kuti tauni yaing'ono ingathe, ku England kuli ina yotchedwa Todmorden, ya anthu pafupifupi 15,000. Mu 2008 anthu ochepa a kumeneko, pakati pawo Pam Warhurst ndi Mary Clear, anayamba kubzala masamba ndi mitengo ya zipatso m'malo odutsa aliyense: pafupi ndi siteshoni ya sitima, kutsogolo kwa polisi, m'mbali mwa misewu. Ntchitoyo anaitcha Incredible Edible, ndipo wodutsa aliyense amaloledwa kuthyola. Matauni ena ambiri anatengera. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sanadikire thandizo lalikulu, anayamba ndi mbewu ndi manja amene anali nawo, pamalo oonekera. Koma lamulo lawo loti aliyense athyole musalitengere musanakambirane, chifukwa si paliponse pamene lingayende.

Nkhani ya zokolola ndi imene imadanitsa anthu amene anayamba akuseka. Muigwirizane mbewu isanalowe m'nthaka, mlembi alembe m'buku, aliyense amve. Kodi mwini bedi atenga zonse, kapena gawo lina lipita kuthumba la gulu logulira mbewu ndi penti? Nanga amene wajomba masabata angapo popanda chifukwa, bedi lake litani? Ine ndimaona kuti n'chanzeru kupatula bedi limodzi la okalamba ndi odwala a m'deralo, lolimidwa ndi onse patsiku la ntchito lija. Ndalama zikayamba kulowa, msungichuma aziwerenga poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka mwezi uliwonse, ngakhale zitachepa chotani. Kukayikirana kumayamba pa ndalama zochepa zomwezo.

Musaiwale agogo amene sangathenso kuwerama. Iwo ndi amene amadziwa kusankha ndi kusunga mbewu, ndipo akhoza kukhala pamthunzi n'kumaphunzitsa ana kufesa pa nazale. Aphunzitsi a sukulu yapafupi muwaitane, ana adzalembe mayina a mbewu pazikwangwani ndi penti wotsala. Mwana akalemba chikwangwani chake amakoka makolo kuti adzachione.

Sabata ino, Mayi, musaitanitse msonkhano wina. Pitani kwa eni malo mukapemphe pepala lija, muyeze mtunda wa kumadzi, ndipo muuze aliyense amene watsala m'gulumo, kuphatikizapo ojambula ndi osema aja, kuti patsiku mwasankhalo abwere ndi thumba la masamba ouma kapena ndowe kuti muunjike mulu woyamba wa kompositi. Mukayeza malowo mudzatiuze kukula kwake ndi kumene madzi akuchokera, tidzathandizane kuwerengera mabedi.