Mayi amene anaikana Olimpiki chifukwa sabata yotsatirayo kunali mpikisano waukulu

Masiku apitawa ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Zomba, mphunzitsi wa kupulayimale. Akuti mwana wawo anawaonetsa pa foni nkhani yoti mayi wamkulu kuposa onse amene anapambanapo mendulo ya golide payekha ku Olimpiki anali woponya mivi wa ku England, Queenie Newall, ali ndi zaka 53. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi zimenezi n'zoona kapena ndi mabodza a pa intaneti aja? Ngati zili zoona, ndiye kuti iyeyu ndi amene ankaposa amayi onse pa uta masiku amenewo? Tatiuzani mbiri yake, ife a zaka za m'ma 50 tipezepo polimbira mtima."

Mayi anga, zikomo polemba. Funso loyambalo yankho lake ndi inde, mwana wanu sananame. Queenie Newall anapambanadi golide ku London m'chaka cha 1908, ndipo mpaka lero palibe mayi wamkulu kuposa iye amene anachitapo zimenezi pa mpikisano wa munthu payekha. Koma funso lachiwirilo ndikukanizani. Katswiri weniweni wa nthawi imeneyo anali wina, dzina lake Alice Legh, ndipo tsiku limene Queenie ankalandira mendulo iye kunalibeko. Mundilole ndiwatchule maina awo chabe monga timachitira ndi osewera mpira, ngakhale onsewa ndi oti akanakhala agogo a agogo athu.

Tiyambe ndi za Queenie zomwe mwafunsazo, sizitalika. Anabadwa mu 1854 ku Lancashire, ndipo cha m'ma 1905 anasamukira ku Cheltenham kumene analowa kalabu ya oponya mivi ya kumeneko. Mpikisano wa amayi wa Olimpiki unachitika pa 17 ndi 18 July 1908 m'bwalo la White City, pa kapinga wa pakati. Analowa amayi 25, ndipo onse 25 ankaimira Britain, kotero mawu oti "katswiri wa dziko lonse lapansi" apa muziwanena chapansipansi. Kunja sikunache bwino, kunali mvula ndi mphepo. Pakutha pa tsiku loyamba amene ankatsogola anali Lottie Dod, ndi mapointi 348 pamene Queenie anali ndi 338. Lottie ameneyu ndi nkhani inanso payokha: anapambana Wimbledon pa tenesi kasanu, koyamba ali ndi zaka 15 zokha, kenako n'kukatenganso ukatswiri wa gofu, ndipo mlongo wake William Dod anatenga golide pa umodzi mwa mipikisano ya abambo ya uta pa Olimpiki yomweyo. Koma tsiku lachiwiri dzanja la Lottie linamugwiritsa fuwa lamoto. Queenie anamaliza ndi 688, Lottie 642, wachitatu Beatrice Hill-Lowe 618.

Musaiwale nambala iyi: Queenie anaposa wachiwiri wake ndi mapointi 46.

Patangotha sabata imodzi kunachitika mpikisano wa pachaka wa dziko lonse la Britain, umene ankautcha Grand National Archery Meeting. Queenie anapitako golide ali nayo kale. Kumeneko anakumana ndi Alice Legh, ndipo Alice anamuthambitsa ndi mapointi 151. Kuposa katatu kusiyana kuja kwa ku White City.

Kuti mumvetse kukula kwa 151, ndiyenera kukufotokozerani momwe ankalasira, chifukwa si zomwe mumaona pa TV masiku ano zija. Mukakumbukira Areneo David, mnyamata wathu amene anaimira Malawi ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016, uta wake unali wa zitsulo ndi zipangizo zamakono, uli ndi kochalirira, ndodo zotulukira kutsogolo zoletsa kugwedera, ndipo ankalasa pa mtunda wa mamita 70. Uta wa Alice unali mtengo basi, wautali pafupifupi msinkhu wake, womangidwa nsinga kumapeto onse awiri. Mivi yamtengo, ya nthenga zenizeni kumchira. Kochalirira kunalibe. Munthu ankayenera kudziwa yekha kuti nsonga ya muvi ailozetse pati, mwina pa kachitsamba ka kutali kapena pansi pa chandamale, kuti muviwo ukamatsika ukagwere pakati. Mphepo ikasintha, masamu onse aja asokonekera.

Amene tinakulira kumudzi tikudziwako pang'ono. Ife tinkadula nsungwi, kuisema, n'kupota khonje pantchafu kuti tipeze nsinga. Muvi unali bango louma, kutsogolo msomali wosalazidwa ndi mwala, womangidwa ndi mphira ya chubu. Ndikukumbukira tsiku lina tinaika dzungu pachulu, mtunda woti n'kuponya mwala kufika osavutika. Tinali anayi, tinalasa kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka mbuzi zinayamba kubwerera, dzungu lija osakhudzidwa ngakhale kamodzi. Chomwe ndinapita nacho kunyumba ndi mkono wakumanzere wofiira psuu chifukwa cha nsinga yomwe inkandikwapula pafupi ndi chigongono nthawi iliyonse ndikatulutsa muvi. N'chifukwa chake akatswiri amavala kachikopa pamkono ndi kena pa zala zitatu zokokera.

Tsono amayi a ku Britain aja ankalasa pa mayadi 60 ndi mayadi 50, kunena kwake pafupifupi mamita 55 ndi 46, theka la bwalo la mpira. Tsiku limodzi mivi 48 pa mtunda wautaliwo ndi 24 pa waufupiwo, mawa lake chimodzimodzi, yonse pamodzi 144. Chandamale chinali chozungulira, cha udzu wolukidwa mothina, masentimita 122 kutambalala kwake, chojambulidwa mizere ya mitundu isanu. Pakati penipeni pachikasu, pomwe ankapatcha golide, mapointi 9; pofiira 7; pa buluu 5; pakuda 3; poyera pa m'mphepete 1. Zandamale zinkaikidwa mbali zonse ziwiri za bwalo. Munthu aliyense ankaponya mivi itatu, kenako gulu lonse liyende kukawerenga ndi kuzula, litembenuke, liyambenso kulasa komwe lachokera. Tsiku lathunthu kumangopita ndi kubwera, m'madiresi okwekwera pansi, m'chiuno atamanga zothina za masiku amenewo, kumutu chipewa chachikulu. Amene mivi yake yonse 144 ikanagwera pachikasu akanapeza 1,296. Ndiye kuti 688 ya Queenie, mukaigawa, muvi uliwonse unkam'patsa mapointi osakwana bwino 5. Ndipo kusiyana kwa 151 kukutanthauza kuti pa muvi uliwonse umene awiriwa ankaponya, Alice ankapitirira ndi pointi yathunthu, kuyambira m'mawa wa tsiku loyamba mpaka madzulo a lachiwiri. Limenelo si tsoka la mphepo ayi. Ndi kusiyana kwa msinkhu wa luso.

Alice Blanche Legh anabadwira ku Canada mu 1855, koma moyo wake anaukhalira ku England, makamaka ku Minchinhampton, katauni ka m'mapiri a m'chigawo cha Gloucestershire. Mwaona chakacho? Iye ndi Queenie anali a msinkhu umodzi, kusiyana miyezi chabe. Ndiye ngati mumafuna polimbira mtima, mayi anga, mwapeza pawiri: wopambana golide ndi womugonjetsa, onse anali atadutsa zaka 50.

Ukatswiri wa dziko lonse Alice anaupata koyamba mu 1881, ali ndi zaka za m'ma 26. Chaka chotsatira anaulandidwa, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi imandiseketsa. Amene anam'landa ndi mayi ake omubereka, omwe m'mabuku a mpikisano amalembedwa ndi dzina la amuna awo, Mrs Piers Legh. Mayiwo anagwira chikho zaka zinayi zotsatizana, 1882 mpaka 1885. Make mbuu, mwana mbuu. Ine ndimangoganizira za chakudya chamadzulo m'nyumba imeneyo akabwera ku mpikisano, wina wapambana, wina wagonja, mbale n'zomwezo. Mu 1886 mwana anabwezera, ndipo kuchokera pamenepo anakhala pampandopo zaka zingapo zotsatizana osasunthika. Anadzachitanso chimodzimodzi kuyambira 1902 mpaka 1909, zaka zisanu ndi zitatu osaphonya n'chimodzi chomwe. Chaka cha Olimpiki chija chinagwera m'katikati mwa ulamuliro umenewu.

Mukawonkhetsa zonse, anapambana ukatswiri wa dziko ka 23. Komaliza kunali mu 1922, ali ndi zaka 67. Pakati pa chikho choyamba ndi chomaliza pali zaka 41, ndipo m'katimo muli zaka zingapo za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zomwe mpikisano sunachitike n'komwe. Kwa abambo, amene ankatamandidwa kuti sanaonekepo wina ngati iye anali Horace Ford, yemwe anaphunzitsa anthu kukokera muvi pansi pa diso m'malo mokokera kukhutu, kuti diso ndi muvi zikhale pa mzere umodzi. Ford anapambana ka 12, ndipo mapointi 1,251 omwe anapeza ku Cheltenham mu 1857 anakhala osafikiridwa kwa zaka makumimakumi. Ka 12 kameneko n'kosachepa. Koma Alice anatsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Nanga munthu wotereyu, Olimpiki itabwera pakhomo penipeni, bwanji sanapite? Anasankha kukonzekera mpikisano wa dziko uja, kuti akateteze chikho chake. Ife a lero tikamva zimenezi timaona ngati misala, koma taziikani m'nthawi yake. Grand National inayamba ku York mu 1844, ndipo amayi anayamba kulasa nawo chaka chotsatira. Pofika 1908 unali mpikisano wa zaka zoposa 60, wokhala ndi mbiri, maina a akatswiri olembedwa chaka ndi chaka, kuphatikizapo la mayi ake. Olimpiki yamakono inali itangoyamba mu 1896, khanda la zaka 12, ndipo ya ku London ija inachitika pambali pa chionetsero chachikulu cha malonda cha Britain ndi France. Opikisana nawo ake analinso omwewo amene akanakumana nawo sabata yotsatira. Kunena zoona, ndikanakhala m'bale wake nthawi imeneyo sindikanamuletsa. Aliyense woponya mivi ku England ankadziwa kuti katswiri amadziwikira kuti.

Chomwe sakanatha kuona n'chakuti khomo limenelo silidzatsegukanso. Mu 1912 ku Stockholm kunalibe mpikisano wa mivi. Mu 1920 ku Antwerp unalipo koma wa abambo okha. Kenako masewerawa anachotsedwa ku Olimpiki, mwa zina chifukwa dziko lililonse linkalasa mwa malamulo ake. Bungwe loyang'anira za mivi pa dziko lonse linadzakhazikitsidwa mu 1931, ndipo uta unabwerera ku Olimpiki mu 1972 ku Munich. Kuchokera 1908 kufika 1972, zaka 64, palibe mayi aliyense amene anaponya muvi ku Olimpiki. Ndiye mukafufuza mndandanda wa opata mamendulo, ndi momwe anthu ambiri amafufuzira mbiri masiku ano, Queenie mum'peza, Lottie mum'peza, Alice mulibemo.

Sindikufuna kumuchepetsa Queenie, chifukwa sanabe mendulo ya munthu. Anapita, ananyowa ndi mvula, anachokera kumbuyo tsiku lachiwiri n'kupambana. Ndipo anadzatsimikiza kuti sizinali zamwayi pomwe anatenga ukatswiri wa dziko mu 1911 ndi 1912. Anapitiriza kulasa ku Cheltenham mpaka atatsala pang'ono kumwalira mu 1929.

Pali kanthu kenanso komwe ndiyenera kunena, chifukwa ndinu mphunzitsi ndipo mwina mukafotokozera ana. Masewerawa ku England nthawi imeneyo anali a anthu opeza bwino. Mayi wogwira ntchito m'fakitale ya nsalu ku Lancashire sakanapeza masiku awiri athunthu, ndalama ya sitima, uta ndi mivi, kuti azikaponya pa kapinga. Uta unali umodzi mwa masewero ochepa omwe mabanja apamwamba ankalola ana awo aakazi kupikisana pagulu, poti sufuna kuthamanga kapena kuvula diresi lalitali, ndipo makolo ena ankauona ngati malo oti anyamata ndi atsikana a mabanja abwino azionerana. Ambiri ankathera pomwepo, akapeza banja uta n'kuukoloweka. Alice anautenga ngati ntchito. Mu 1894, pamene akuluakulu a masewerawa ankalemba buku lalikulu lofotokoza za uta, mutu wonena za amayi anapatsa iye kuti alembe.

Za msinkhu zomwe mumafunsa zija, chinsinsi chake chili m'masewera enieniwo. Uta wa amayi sunali wolemera kukoka moti n'kufuna mphamvu za wachinyamata. Chofunika n'kubwereza chinthu chimodzimodzi ka 144: kuima pomwepo, kukoka kufika pomwepo, kumasula zala mofanana, osalola muvi wophonya kukusokoneza pa wotsatira. Wothamanga akafika zaka 35 mawondo amayamba kumuuza zina. Woponya mivi zaka zimamuwonjezera kudziwa mphepo ndi kuugwira mtima, bola maso ndi phewa zikhale zikugwirabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero akuluakulu, ndipo kudekhako sikugulidwa uli ndi zaka 20.

Atapambana mu 1922 Alice anasiya mipikisano. Anakhala moyo zaka zina 25 kuchokera pamenepo, ndipo anamwalira pa 3 January 1948 ku nyumba yosamalirako okalamba kufupi ndi Stroud, mtunda waufupi kuchokera kwawo ku Minchinhampton, ali ndi zaka 92. M'mwezi wa July chaka chomwecho Olimpiki inabwereranso ku London, koma pa ndandanda wa masewero uta panalibe.

Mundiperekere moni kwa mwana wanuyo, ndipo mumuuze afufuzenso dzina lachiwirili pa foni yomweyo.