Kwa achemwali a ku Luton amene afunsa za mitengo itatu ya boiler

Achemwali, pepani ndi kuzizirako, makamaka poti muli ndi ana aang'ono m'nyumba. Mwati combi yanu (boiler ya gasi yofunditsa nyumba ndi kutenthetsa madzi a pampopi popanda thanki) yatha zaka 16, yayamba kudontha ndi kuzima yokha, nyumba ndi yanuyanu ya zipinda zogona zitatu ndi bafa limodzi, ndipo mwapatsidwa mitengo itatu: £1,600 kwa m'bale wa kutchalitchi amene wati mumupatse ndalama pamanja, £2,400 ku kampani ya pa intaneti imene inangokupemphani zithunzi, ndi £3,050 kwa mmisiri wa m'dera lanu amene anafika kunyumba. Ndaona ena akuti ingotengani wapakatiyo. Ine ndikuti dikirani kaye, chifukwa anthu atatuwo mwina sakukugulitsani ntchito yofanana. Boiler ya mtundu umodzi ndi yomweyo kulikonse kumene mungaigule. Chimene chimasiyanitsa mitengo ndi ntchito imene munthu adzagwire pa mapaipi anu, ndiye werengani zimene zalembedwa pamwamba pa nambalayo.

Ine si mmisiri wa gasi. Ndimakhala ku Manchester, ndipo ndasinthitsapo boiler kawiri m'nyumba ziwiri. Ulendo woyamba zinandivuta kwambiri, n'chifukwa chake ndikulemba motalika chonchi.

Ndiyambe ndi m'bale wa kutchalitchiyo, poti ndi pamene mtima wanga wagunda. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Munthu mumapemphera naye, mwina anakuthandizani posamuka, mwina munasonkha limodzi za maliro a kumudzi, ndiye kumufunsa chiphaso kumaoneka ngati kumunyoza. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mufunseni mwaulemu akuonetseni khadi lake la Gas Safe. Kuno lamulo limati aliyense wogwira ntchito ya gasi m'nyumba za anthu akhale m'kaundula wa Gas Safe Register, amene analowa m'malo mwa kaundula wakale wa CORGI mu 2009. Kutsogolo kwa khadilo kumakhala chithunzi chake, nambala yake ndi tsiku limene lidzathere mphamvu. Mulitembenuzenso, chifukwa kuseri ndi kumene kwalembedwa ntchito zimene waloledwa. Wina amaloledwa kuika cooker koma osati boiler. Nambalayo muilowetse nokha pa webusaiti ya Gas Safe muone ngati nkhope ndi dzina zikugwirizana. Ngati ali nalo, sadzakhumudwa. Akanena kuti ntchito agwira yekha koma mnzake wina adzabwera kudzasaina, musalole, zimenezo n'zoletsedwa.

Si nkhani ya mapepala chabe. Tonsefe tinakula tikumva za anthu amene anagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mwezi wa June, osadzukanso. Mpweya umene unawapha uja, carbon monoxide, ndi womwewo umene umatuluka m'boiler yoikidwa molakwika, makamaka pamene paipi yotulutsira utsi sinalumikizidwe bwino. Sununkha ndipo suoneka. Umayamba ngati mutu wamba ndi chizungulire.

Komanso boiler ikaikidwa, mmisiri ayenera kudziwitsa khonsolo kudzera ku Gas Safe pasanathe masiku 30, inu n'kulandira satifiketi yotchedwa Building Regulations Compliance Certificate. Tsiku limene mudzafune kugulitsa nyumbayo, loya wa wogula adzaifunsa. Munthu amene sali m'kaundula sangakupatseni. Ndipo ndalama yoperekedwa pamanja popanda lisiti ilibe umboni zinthu zikadzavuta.

Tsopano za awiri enawo. Pepala la mtengo labwino limatchula dzina lonse la boiler ndi mphamvu yake. Mawu akuti "combi yatsopano" sakwanira. Worcester Bosch, Vaillant, Ideal, Baxi ndi Viessmann onse ali ndi zotchipa ndi zodula m'banja limodzi, ndipo zaka za warranty zimasiyana motsatira zimenezo. Onaninso ngati VAT ya 20% ili kale mkati. Mmisiri wogwira yekha akhoza kukhala wosalembetsa VAT ngati bizinesi yake ndi yaing'ono, ndipo palibe cholakwa pamenepo, koma mudziwe kuti nambala mwapatsidwayo ndi yomaliza.

Pa mphamvu, musakopeke ndi mawu akuti yaikulu ndiye yabwino. Pa combi, ma kW, omwe ndi muyezo wa mphamvu yake, kwenikweni amanena za madzi otentha a pampopi. Ya 24 kW imapereka malita pafupifupi 10 pa mphindi, ya 30 kW pafupifupi 12. Pofunditsa nyumba ya zipinda zitatu, zonse ziwirizo n'zokwanira ndi kutsala. Koma boiler singawonjezere madzi amene sakubwera kuchokera kumsewu. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amatsegula mpopi wa kukhitchini n'kuyeza madzi otuluka pa mphindi asanakuuzeni yoti mugule. Wa £3,050 uja anachita zimenezi? Anakaona kumita ya gasi? Funso limeneli n'lofunika, poti nyumba zambiri zakale zili ndi paipi ya gasi ya 15mm, pamene combi ya masiku ano kawirikawiri imafuna ya 22mm kuchokera kumita. Kusintha paipi imeneyo ndi ntchito, nthawi zina mpaka kutsegula matabwa a pansi. Ngati mmodzi waiwerengera ndipo wina sanaione n'komwe, gawo lina la kusiyana kwa £650 kuja lapezeka.

Pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi pa kutsuka mapaipi, poti ndi pamene ine ndinapsa. Mu 2016 ndinatenga mmisiri amene mtengo wake unali wotsika kuposa onse. Khadi anali nalo. Ntchito anaimaliza tsiku lomwelo dzuwa likadali m'mwamba, ine n'kumayamikira changu chake. Zimene sindinadziwe n'zakuti m'ma radiator akale, zitsulo zofunditsa zipinda zija, mumakhala matope akuda a dzimbiri amene amaunjikana zaka ndi zaka, ndipo iye anangolumikiza boiler yatsopano pa matope omwewo. Njira za madzi m'boiler za masiku ano n'zopapatiza kwambiri. Patatha zaka ziwiri shawa inayamba kusinthasintha, pano kutentha pano kuzizira. Mmisiri wotumizidwa ndi opanga boiler atafika, anatapa madzi pang'ono mu radiator, akuda bii. Kenako anatsegula buku la boiler kumapeto, pamene pali fomu yotchedwa Benchmark imene woika amayenera kudzaza, n'kupeza kuti ndi yopanda kanthu. Anandiuza modekha kuti warranty siikhudza zowonongeka ndi litsiro la m'mapaipi. Ndinalipira ndekha.

Choncho funsani aliyense kuti adzatsuka motani. Pali kutsuka kothira mankhwala n'kuwasiya azungulire, ndipo pali power flush, imene amagwiritsa ntchito makina okankha madzi mwamphamvu radiator imodziimodzi. Yachiwiriyo imatenga maola ambiri ndipo imadula. Si nyumba iliyonse imene imaifuna. Yesani nokha madzulo ano ngati boiler ikuyakabe: gwirani radiator iliyonse. Ikakhala yotentha pamwamba koma yozizira pansi chapakati, matope alimo. Akatsuka athiremo mankhwala oteteza dzimbiri, aikenso fyuluta ya maginito pa paipi yobwerera ku boiler, monga MagnaClean kapena ina yonga iyo. Zonsezi zioneke pa pepala.

Pali china chokhudza inu a ku Luton chimene ife a ku Manchester sichitivuta. Madzi athu amachokera kunyanja za ku Lake District ndipo ndi ofewa. Anu amadutsa m'miyala ya choko, n'chifukwa chake ketulo yanu imachita zoyera mkati. Zoyera zomwezo zimamatanso mkati mwa combi pamene madzi amatenthera. Pepala lanu likhale ndi scale reducer, kachipangizo kochepetsa zoyerazo, pa paipi ya madzi ozizira olowa m'boiler. Si chinthu chodula, koma amene sanachitchule mumufunse chifukwa chake.

Funsaninso za kapaipi kapulasitiki koyera kamene kamataya madzi ochokera m'boiler. Amene munali kuno kumapeto kwa February ndi kumayambiriro kwa March 2018, nthawi ya chisanu choopsa chija, mukukumbuka mmene ma boiler anazimira m'nyumba zambiri tsiku limodzi. Zambiri sizinawonongeke ayi, madzi anangoundana n'kukhala ayezi m'kapaipiko kunja. Yanganso inali m'gulu lomwelo. Ndi bwino kadutse mkati mwa nyumba kukalowa mupaipi ya sinki. Ngati palibe kuchitira mwina koma kutuluka kunja, kakhale kotakata, kosachepera 32mm, ndipo kakutidwe.

Zina ndi zalamulo, ndiye asakuuzeni ngati akukuchitirani chifundo. Ku England kuyambira April 2018, combi yatsopano iyenera kubwera ndi chokonzera nthawi ndi kutentha, kuphatikizapo chimodzi mwa zipangizo zopulumutsa gasi, monga smart thermostat kapena chimene chimasintha moto motsatira nyengo ya kunja. Kuyambira 2022 ma radiator ayenera kukhala ndi mavavu odzichepetsera okha otchedwa TRV posintha boiler, ndipo alamu ya carbon monoxide iikidwe m'chipinda chimene muli boiler. Kuchotsa boiler yakale ndi kutseka bowo la pakhoma zilembedwenso, chifukwa ena amasiya.

Za warranty, nambala yaikulu pa pepala isakusangalatseni musanafunse. Zaka 10 kapena 12 nthawi zambiri zimaperekedwa ngati woikayo ndi wovomerezeka ndi opanga boiler imeneyo, ngati yalembetsedwa pasanathe masiku 30, ndipo ngati mukuipangitsa sevisi chaka chilichonse osadumpha. Funsani kuti adzalembetsa ndani. Siyanitsaninso warranty ya boiler ndi chitsimikizo cha ntchito ya manja ake. Paipi imene walumikiza ikayamba kudontha, opanga boiler sizikuwakhudza.

Kampani ya pa intanetiyo sindikuinyoza. Anthu ambiri zawayendera bwino, ndipo zimafulumira. Kungoti mtengo wawo watsamira pa mayankho ndi zithunzi zimene munatumiza inuyo, ndipo inu simunayeze madzi kapena paipi ya gasi. Alembereni muwafunse kuti mmisiri akadzapeza ntchito yowonjezera tsiku loika, adzalipira ndani. Afunseninso kuti zikadzavuta Loweruka usiku mudzaimbira ndani. Amene adzamutumize pakhomo panu, nayenso aonetse khadi.

Polipira, musapereke ndalama zonse ntchito isanathe. Dipoziti yochepa ndi yomveka. Ngati muli ndi credit card, lipirani nayo ngakhale gawo lochepa, chifukwa Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974 imachititsa kuti kampani ya khadi ikhale ndi mlandu pamodzi ndi wogulitsa pa chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000. Debit card ilibe chitetezo chimenechi. Ndipo wokuuzani kuti mtengowu utha lero, sainani pompano, musiyeni apite. Mgwirizano wosainira m'nyumba mwanu muli ndi masiku 14 oti mukhoza kuusintha maganizo, ngakhale mukawapempha kuti ayambe msanga mudzalipira ntchito imene agwira kale.

Mukandifunsa maganizo anga, mtima wanga uli kwa amene anabwera kunyumba, ngati pepala lake lili ndi kutsuka, fyuluta, scale reducer ndi paipi ya gasi. Koma musamupatse ntchito chifukwa choti ine ndanena. Lembani mafunso amenewa mu uthenga umodzi, muwatumizire onse atatu mofanana, muwapemphe ayankhe molemba. Ngati nthawi ilipo, pitani pa webusaiti ya opanga boiler imene mwaikonda, muli mndandanda wa amisiri ovomerezeka a m'dera lanu, muitanepo mmodzi wachinayi. M'bale wa kutchalitchi uja akapezeka kuti ali ndi khadi ndipo wayankha zonse bwino, mupatseni ndi mtima woyera, koma ndalama zidutse kubanki ndipo lisiti mulandire.

Podikira masiku amenewa, boiler imene ikudontha ndi kuzima yokha musamangoiyatsanso mobwerezabwereza. Gulani alamu ya carbon monoxide mawa lomwe ngati mulibe, imapezeka m'masitolo akuluakulu ndipo si yodula. Ana afundidwe ndi hita yamagetsi, osati uvuni wa gasi wotsegula, ndipo makala asalowe m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji. Mukamva fungo la gasi, tsegulani mawindo, musakhudze switchi iliyonse, tulukani panja ndi ana, muimbe nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999. Nambala imeneyo ndi yaulere ndipo amayankha usana ndi usiku.