Ng'ombe ikakalamba adzaidyetse ndani?

Mdzukulu wanga, uthenga wako wa pa WhatsApp mlongo wako wandiwerengera. Ukuti Lamlungu lililonse umapita ku Bhaktivedanta Manor, kufupi ndi Watford ku England, kwa a Hare Krishna, gulu la chipembedzo cha Chihindu lopembedza Krishna, ndipo iwe ndi anzako mukufuna kugula malo kuti muzikhala pamodzi, kulima ndi kupemphera. Wafunsa kuti pafunika maekala angati ndi ndalama zingati.

Za malo usade nazo nkhawa, amapezeka. Eni ake a Manor anachita kupatsidwa nyumbayo ndi George Harrison, woimba wa gulu la Beatles, mu 1973. Ukanandifunsa za ng'ombe yokalamba.

Paja kumeneko ng'ombe saipha ndipo saigulitsa kwa opha nyama. Amati ahimsa, kusapweteka chamoyo. Ng'ombe imatha kufika zaka pafupifupi 20, mkaka utaphwa kalekale. Mwa ana obadwa, theka amakhala amphongo, ndipo amenewo amawaphunzitsa kukoka pulawo ndi ngolo. Choncho kapu ya mkaka imene mudzamwe m'mawa idzabwera ndi ngongole ya udzu ndi kupala ndowe kwa zaka zambirimbiri. Pa Manor pomwepo panali ng'ombe dzina lake Gangotri, imene inavulala n'kukhala chigonere nthawi yoposa chaka. Ankaisamalira ngati mayi wodwala. A bungwe loona za ufulu wa nyama la RSPCA ataibaya jekeseni yoipha mu December 2007, kunali maliro enieni, mpaka bungwelo linadzapepesa n'kupereka ng'ombe ina. Uwafunse anzakowo kuti ndani angapirire m'khola chaka chathunthu, ndi kuzizira kwa kumeneko.

Ife kuno, ndisaname, ng'ombe ya pangolo ikatha mphamvu timaigulitsa. Koma nkhalamba sitinkazitaya. Amayi anga akaomola nsima, mitanda yoyamba inkapita kwa gogo wina wopanda ana amene ankakhala kumapeto kwa mudzi. Wonyamula ndinali ine. Mbale yovundikira ndi inzake, kambale ka nkhwani wotendera pamwamba, kuyenda mosamala, kufika pakhomo, odi, kugwada, kupereka ndi manja awiri, n'kudikira mpaka asambe m'manja. Chibale nawo tinalibe. Tsiku lina ndinapunthwa pa chitsa, nsima yonse pansi, agalu n'kuchita phwando. Amayi sanandimenye. Anangotenga yanga ija n'kuivundikira, n'kundiuza kuti ndibwerere. Ndinagona ndi mbatata imodzi. Gogo uja ankandisungira mtedza wokazinga m'kachitini, ndipo atamwalira mudzi wonse unagona pa siwa ngati kwafa mfumu.

Masiku ano mbale sizitulukanso kumpanda. Aliyense amadya atatseka chitseko, foni ili kudzanja linalo. Ndalama zimene mumatumiza timalandira, zikomo kwambiri, koma gogo wa kumapeto kwa mudzi sali pa foni ya munthu aliyense.

N'chifukwa chake zandikomera kumva za prasadam, kuti chakudya amayamba apereka kwa Krishna kenako onse n'kudyera limodzi, mlendo yemwe. Uonetsetse bwino kuti amene amagawa ndani, amene amadya pomaliza ndani, ndipo miphika ikuluikulu ija amatsuka ndani. Ntchito yotumikira amaitcha seva. Ngati imagwera anthu omwewomwewo tsiku ndi tsiku, makamaka akazi, mudzi wotero uli ndi chiswe m'nsanamira ngakhale nyimbo za 4:30 m'mamawa zikome bwanji.

Mumvenso za New Vrindaban, mudzi wa a Hare Krishna ku West Virginia, ku America, umene unayamba mu 1968 ndi cholinga chonga chanuchi, moyo wosalira zambiri. Pofika 1979 anali atamanga nyumba yonyezimira yotchedwa Palace of Gold, alendo n'kumabwera pa mabasi. Mphamvu zonse zinali mwa munthu mmodzi, Kirtanananda Swami, wopanda womudzudzula. Gulu la ISKCON, bungwe lalikulu la a Hare Krishna, linamuchotsa mu 1987, ndipo pambuyo pake anakalowa ndende. Inu musanagule ngakhale khasu, mugwirizane kuti thumba la ndalama azisunga anthu angati, ndiponso kuti mtsogoleri akalakwa adzamukhazika pansi ndani.

Sindikukuletsa ayi, mtima wako ndi wabwino, ngakhale sindinakuonepo utagwira khasu mpaka dzuwa kufika paliwombo. Lamlungu likubwerali, ng'oma zikayamba, iwe upite kukhola ukapemphe fosholo. Ukafunsenso kuti anthu amene anayamba nawo mu 1973, amene mawondo awo atha tsopano, amakhala kuti ndipo chakudya amawapititsira ndani. Nsapato zoyera za pachithunzi zija uzisiye kunyumba.