Masilaidi 46 pa mphindi 15: ndichotse angati?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito mu ofesi ya zachuma pa kampani ina. Abwana awo awauza kuti mwezi wamawa akaime pamaso pa akuluakulu a bodi n'kufotokoza mmene ndalama zayendera chaka chino. Apatsidwa mphindi 15. Iwo akonza masilaidi 46 pa PowerPoint, ndipo mnzawo wa mu ofesi atawaona anangopukusa mutu osanena kanthu. Mafunso awo ndi awiri: "Kodi ndisiye masilaidi angati? Nanga ndikachotsa enawo ndikakumbukira bwanji zoti ndinene, poti zonse ndinazilemba pa masilaidi pomwepo?"

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyamba ndi funso loyambalo chifukwa ndi lopepuka, koma nkhani yagona pa lachiwirilo.

Pa za chiwerengero, anthu apangapo malamulo osiyanasiyana. Guy Kawasaki, amene anagwirapo ntchito ku Apple, anatchukitsa lamulo la 10/20/30: masilaidi 10, mphindi 20, zilembo zosachepera saizi 30. Iye ankalangiza anthu opita kukapempha mpamba wa bizinesi kwa eni chuma. Ku Tokyo mu 2003, akatswiri awiri ojambula mapulani a nyumba, Astrid Klein ndi Mark Dytham, anayambitsa njira yotchedwa PechaKucha. Masilaidi amakhala 20, ndipo silaidi iliyonse imaoneka masekondi 20 okha n'kusintha yokha, moti munthu amamaliza m'mphindi 6 ndi masekondi 40. Mukaonetsetsa, uyu akuti silaidi imodzi pa mphindi ziwiri, awa akuti masilaidi atatu pa mphindi imodzi, koma njira zonse ziwiri zimayenda bwinobwino. Ndiye nambala payokha si imene imagwetsa munthu.

Komabe poti mwafunsa, maganizo anga ndi akuti pa lipoti la zachuma la mphindi 15, masilaidi 8 mpaka 10 akwana. Otsalawo musawafufute ayi. Akankhireni kumapeto, kuseri kwa silaidi yomaliza, ndipo mulembe manambala ake pakapepala. Wina akakafunsa za malipiro a antchito, mukangolemba nambala ya silaidiyo pa kiyibodi n'kudina Enter, ndipo PowerPoint ikakufikitsani pomwepo popanda kudutsa m'masilaidi onse anthu akuonerera.

Tsopano funso lenileni lija. Mwati zonse munazilemba pa masilaidi kuti musaiwale. Vuto ndi lomwelo. Silaidi si yanu, ndi ya anthu amene akakhale pansi n'kumakumverani. Zokukumbutsani inuyo zili ndi malo ake: pansi pa silaidi iliyonse pali bokosi la Notes, ndipo mukalumikiza laputopu ku pulojekita n'kutsegula Presenter View, manotsiwo amaoneka kwa inu nokha, pamodzi ndi wotchi komanso silaidi yotsatira. Anthu amangoona silaidi basi. Choncho palibe chimene mukutaya. Mukungosamutsa mawu kuchoka pakhoma kubwera patsogolo panu.

N'chifukwa chiyani ndikuumirira zimenezi? Munthu amawerenga mwachangu kuposa mmene mnzake amalankhulira. Inu mukadali pa mzere woyamba, iwo afika kale pansi, ndipo poti zonse azidziwa, ayamba kusuzumira mu foni. Ena amayesa kuchita ziwiri nthawi imodzi, kuwerenga ndi kumvetsera, mapeto ake palibe chimene agwira. Richard Mayer wa ku yunivesite ya California ku Santa Barbara wakhala akufufuza kwa zaka zambiri mmene anthu amaphunzirira kuchokera ku mawu ndi zithunzi. Chimodzi mwa zimene anapeza n'chakuti anthu amamvetsa bwino akamaona chithunzi uku akumva kufotokoza, kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso pa sikirini. John Sweller wa ku Australia anafotokoza chifukwa chake: mbali ya ubongo imene imasunga zinthu zatsopano kwa kanthawi ndi yaing'ono, sichedwa kudzaza.

Ngati nthawi yanu ndi yochepa ndipo mungathe kukonza chinthu chimodzi chokha, konzani mitu ya masilaidi. Ambiri timalemba mutu wonga "Ndalama za mafuta" kapena "Zotsatira za chaka". Mutu wotere sukunena kanthu, ukungotchula nkhani. Womvera amayenera kufufuza yekha m'manambala kuti adziwe ngati zinthu zili bwino kapena zaipa. Yerekezani ndi uwu: "Ndalama za mafuta zakwera chifukwa magalimoto akubwerera opanda katundu". Apa mfundo yamveka munthu asanayang'ane n'komwe pansi, ndipo chimene chili pansipo, kaya ndi tchati kaya chithunzi, ntchito yake ndi kuikira umboni mutuwo. Michael Alley wa ku yunivesite ya Penn State ndi amene wakhala akulimbikitsa kwambiri kalembedwe kameneka pakati pa mainjiniya ndi asayansi. Ine ndimakakonda pa chifukwa china: kamaulula msanga ulesi wa wokonzayo. Mukalephera kulemba mutu wa silaidi ngati chiganizo chathunthu, ndiye kuti simukudziwa chimene silaidiyo ikufuna kunena, ndipo imeneyo ndi yoyamba kupita kumapeto kuja. Yesani zimenezi pa 46 anuwo, muona kuti funso la "ndichotse angati" lidziyankha lokha. Mukamaliza, werengani mitu yokhayokha kuyambira woyamba mpaka womaliza. Iyenera kumveka ngati nkhani imodzi yolunzanitsa bwino.

Pali chitsanzo chimodzi cholemera chimene anthu ophunzitsa zimenezi amachitchula kawirikawiri. Pa 16 January 2003 chombo cha NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, chotchedwa Columbia chinanyamuka kupita mumlengalenga. Chitangonyamuka, chidutswa cha zokutira thanki yake ya mafuta chinasomphoka n'kumenya phiko lakumanzere. Chombocho chili m'mwamba, mainjiniya a kampani ya Boeing anakonza masilaidi ofotokozera akuluakulu ngati phikolo linali pangozi. Silaidi ina inali ndi mutu womveka ngati wotonthoza mtima, ndipo pansi pake panali mizere yambirimbiri, ina yolowa mkati mwa inzake. Mfundo yoopsa inali pansi penipeni, m'tizilembo ting'onoting'ono: manambala awiri, 1920 ndi 3. Tanthauzo lake linali lakuti chidutswa chimene chinamenya phikolo chinali chachikulu kuwirikiza nthawi zoposa 600 poyerekeza ndi zidutswa zimene anayeserapo kale, kutanthauza kuti zoyesa zakalezo sizikanauza munthu zoona za ngoziyi. Pa 1 February chombocho chinaphwasuka chikubwerera padziko, ndipo anthu onse asanu ndi awiri anafa. Edward Tufte wa ku yunivesite ya Yale anaisanthula silaidiyo mzere ndi mzere, ndipo bungwe lofufuza ngoziyo linaika nkhaniyi mu lipoti lake, n'kunena kuti n'zosavuta kumvetsa kuti mkulu wina akanatha kuiwerenga osazindikira kuti ikukamba za moyo wa anthu. Sindikunena kuti silaidi ndiyo inagwetsa chombo, zifukwa zinalipo zambiri ndipo zina zinali zakale. Koma nambala yofunika kwambiri inalipo, inalembedwa, ndipo inakwiririka.

Pa lipoti lanu palibe amene afe, koma khalidwe lokwirira nkhani yoipa pansi pa silaidi ndi lofala kwambiri m'malipoti a ndalama. Ngati pali dipatimenti imene yadya ndalama zoposa bajeti, zilembeni pa mutu. A bodi akazitulukira okha pa mzere wachisanu ndi chiwiri, funso lawo silikhalanso la ndalamazo, likhala la inuyo.

Mwina mukuti, nanga manambala onse aja a bodi akuwafunatu. Zoona, ndipo ndi udindo wawo kuwaona. Koma malo ake ndi papepala. Ku kampani ya Amazon, Jeff Bezos, amene anaiyambitsa, analetsa PowerPoint pa misonkhano ya akuluakulu mu 2004. M'malo mwake munthu amalemba chikalata cha masamba osapitirira asanu ndi limodzi, ndipo onse amayamba msonkhano ndi kuwerenga mwakachetechete. Simungasinthe kachitidwe ka bodi yanu tsiku limodzi, koma mungathe kutumiziratu lipoti lathunthu masiku angapo msonkhano usanachitike. Mukatero masilaidi amapepukidwa, sakhalanso akusenza ntchito ziwiri.

Kunena za manambala amene atsale pa sikirini, chonde musakopere tebulo lonse la Excel n'kulimata pa silaidi. Munthu amene wakhala kumbuyo sawerenga, ndipo inu mudzapezeka mukunena mawu omvetsa chisoni aja akuti "pepani, mwina simukuona bwino". Tengani mizere itatu kapena inayi imene ikuikira umboni mutu wanu. Manambala aatali afupikitseni: m'malo mwa 48,736,212 lembani 48.7 miliyoni. Ngati ndi tchati cha mizati, mizati yonse ikhale yotuwa, umodzi wokha umene mukukambawo ukhale wa mtundu wowala, ndipo maso a anthu athamangira pamenepo musanaloze n'komwe. Mayina alembeni pambali pa mizatiyo, osati m'kabokosi kapakona kamene kamachititsa munthu kuyang'ana uku ndi uku. Pewaninso kudalira mtundu wofiira ndi wobiriwira pokhapokha posonyeza zoipa ndi zabwino, chifukwa pali anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Onjezani chizindikiro kapena mawu.

Za mawu ouluka, ozungulira ndi ogwa kuchokera kumwamba, ndingoti zisiyeni.

Tsono kulankhula kwenikweniko. Kuyeserera chamumtima sikuwerengedwa. Imirirani, tsegulani masilaidi, ikani wotchi, lankhulani mokweza ngati anthu alipo. Ulendo woyamba mudzapyola nthawi, n'zachidziwikire, ndipo pamenepo mudzadziwa zodula. Lingani kumaliza pa mphindi 12 kapena 13, chifukwa pa tsikulo wina adzakudulani ndi funso. Musaloweze mawu onse, mungadzasowe pogwira mukaiwala liwu limodzi. Lowezani ziganizo ziwiri zoyambira zokha, poti mantha amagwira kwambiri poyamba, ndipo ziganizozo zinene mutu wa nkhani mosazungulira: chaka chayenda chonchi, vuto lili apa, ndipo ndikupempha kuti mugamule chakuti. Akuluakulu sakonda kudikira mpaka kumapeto kuti adziwe chimene mwabwerera.

Yang'anani anthu, osati khoma. Mukatulutsa tchati chatsopano, khalani kaye chete masekondi angapo kuti achione, kenako nenani kuti mzere uwu ndi chiyani, uwo ndi chiyani, musanafike pa tanthauzo lake. Pakabuka mtsutso wosakhudzana ndi silaidi imene ili pakhoma, dinani B pa kiyibodi. Sikirini ida bii, nkhope zonse zitembenukira kwa inu. Mukadinanso B silaidi ibwerera.

Zipangizo nazo zili ndi mwano. Fikani msanga mukayese pulojekita ya m'chipindacho. Funsiranitu ngati imalandira chingwe cha HDMI kapena chakale cha VGA, poti malaputopu ambiri atsopano alibenso polowetsa VGA, komanso chingwe chimenecho sichitenga mawu ngati muli ndi kavidiyo. Kuyambira PowerPoint ya 2013 masilaidi amabwera otambalala, a 16:9, pamene mapulojekita akale ambiri ndi a 4:3, ndiye zilembo zimatha kuchepa kuposa mmene mumazionera pa laputopu. Sungani kope la PDF pa fulashi, chifukwa PDF sisokonekera maonekedwe mukaitsegula pa kompyuta ya wina. Manotsi anu asindikizeninso papepala.

Silaidi yomaliza isakhale ya "Zikomo" kapena "Mafunso?". Imeneyi ndi imene imakhalitsa pakhoma kuposa ina iliyonse, nthawi yonse ya mafunso, ndiye palembedwe chimene mukufuna a bodi agamule, m'mizere iwiri kapena itatu.

China chimene simunafunse koma chimachitika kawirikawiri pa misonkhano ya bodi: nkhani zam'mbuyo zimadya nthawi, ndipo wapampando amakutembenukirani n'kunena kuti, "Mayi, tatsala ndi mphindi zisanu." Musadzayese kuthamangitsa masilaidi onse khumi. Sankhiranitu lero atatu amene simungawasiye, yomaliza ija ikhale imodzi mwa atatuwo, ndipo manambala ake muwalembe pamwamba pa kapepala kaja.