Adona apepesa ndi kubweza ndalama: kodi mwezi wa Elul ndi wotani kwa Ayuda?

Mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Glenhazel, mu Johannesburg, wanditumizira imelo. Banja limene amaligwirira ntchito ndi la Chiyuda. Akuti masiku ano abwana akumalawirira ku sunagoge, mwana wawo wamwamuna akumaphunzira kuliza nyanga pakhonde, ndipo sabata yatha adona anawaitanira kukhitchini n'kuwapatsa envulopu ya ndalama za Lamlungu lina limene anagwira ntchito osalipidwa. Adonawo anawonjezera kuti, "Ngati ndakulakwirani chaka chino, mundikhululukire." Funso la mayiwa n'lakuti: kodi imeneyi ndi Lenti yawo, kapena ndi njira yotsanzikira munthu amene akufuna kumuchotsa ntchito?

Mayi, mtima m'malo. Za mumtima mwa adona anu akuzidziwa ndi iwo eni, koma zonse mwatchulazi ndi zimene Ayuda opembedza amachita m'mwezi wa Elul, womwe umagwa mu Ogasiti ndi Seputembala. Dzinali mulipeza pa Nehemiya 6:15, pamene akuti linga la Yerusalemu linatha kumangidwa pa tsiku la 25 la Elul. Mweziwu uli ndi masiku 29, ndipo ukangotha chimalowa chaka chatsopano, Rosh Hashanah. Pa tsiku la 10 la mwezi wotsatirawo pamabwera Yom Kippur, tsiku la chitetezero la pa Levitiko 16. Ayuda amakhulupirira kuti pa Rosh Hashanah Mulungu amatsegula mabuku n'kuweruza munthu aliyense, ndipo chigamulo amachidinda pa Yom Kippur. Munthu wodziwa tsiku la mlandu wake sayamba kukonzeka m'mawa wa tsikulo.

Ndi Lenti zimafanana pang'ono pa chiwerengero. Kuyambira pa chikondwerero cha mwezi watsopano, chomwe chimayamba tsiku limodzi Elul asanalowe, kufika pa Yom Kippur ndi masiku 40, ndipo arabi akale, aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, ankaphunzitsa kuti ndiwo masiku amene Mose anakhala pa phiri la Sinai kukalandira magome achiwiri, Aisraeli atachimwa ndi mwanawang'ombe wagolide. Koma m'mwezi wa Elul mulibe lamulo losala zakudya, ndipo maukwati amachitika bwinobwino. Si mwezi wa chisoni. Rabi Shneur Zalman wa ku Liadi, yemwe anamwalira mu 1812, anaufanizira ndi nthawi imene mfumu yatuluka m'nyumba yachifumu n'kupezeka kumunda, kumene aliyense angaifikire ndi zovala zake zakuntchito, popanda kudzera kwa alonda.

Nyanga ija amaitcha shofar, kawirikawiri imakhala ya nkhosa yamphongo. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania, ndipo mwambo wawo ndi woiliza pakutha pa mapemphero a m'mawa tsiku lililonse, kupatula pa Sabata. Kulira kwake si kokoma ayi, n'kokakala, kodukaduka. Maimonides, mphunzitsi wamkulu amene anabadwira ku Córdoba n'kumwalira ku Egypt mu 1204, anati nyangayi ili ngati ikuuza ogona kuti adzuke, afufuze ntchito zawo. M'mweziwu Ayuda amawerenganso Salimo 27 kawiri pa tsiku, lija loyamba ndi kufunsa kuti ndidzaopa yani.

Tsopano za envulopu, pakuti apa m'pamene pagona nkhani. Mu Mishnah, buku la malamulo a Chiyuda lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, muli chiphunzitso chakuti Yom Kippur imafafaniza machimo a pakati pa munthu ndi Mulungu, koma a pakati pa munthu ndi mnzake siiwafafaniza mpaka wolakwayo atakagwirizana ndi amene anamulakwira. Tanthauzo lake n'lakuti adona anu akhoza kusala kudya maola 25, kudziguguda pachifuwa tsiku lonse, koma ngati ali ndi ndalama zanu, mlanduwo ukadalipo. Akulu athu anati mlandu suwola, ndipo arabi anagwira mfundo yomweyo. Pa malipiro a wantchito ndiye Torah, mabuku asanu a Mose, siinyengerera. Deuteronomo 24:14-15 akuti usapondereze waganyu wosauka, kaya ndi m'bale wako kaya ndi mlendo wokhala m'dziko mwako, umulipire dzuwa lisanalowe. Mlendo ameneyo ndi inu, mayi. Ndalamazo si mphatso, ndi zanu, musazilandire mwamanyazi.

Ine chiphunzitso chimenechi chimandikhudza kwambiri. Ndaona anthu akulapa mofuula pamaso pa mpingo, misozi chuchuchu, koma mkazi wamasiye amene anamulanda malo akadali kulira kumudzi. Elul imatseka njira yachidule imeneyo. Maimonides anachita kuyala ndondomeko yake: wolakwa abweze chimene anatenga, kenako apepese ndi pakamwa pake. Mnzakeyo akakana, abwerenso ndi anthu atatu odzamuthandiza kupepesa, mpaka maulendo atatu. Wolakwiridwayo naye anamuchenjeza kuti asaumitse mtima ngati kupepesako kuli koona.

Mungafunse kuti mudziwa bwanji ngati n'koona. Mphunzitsi yemweyo anayankha kuti kulapa kwenikweni kumaoneka munthu akapezekanso pa mpata womwewo wochimwira, mphamvu zochitira ali nazo, koma n'kudziletsa. Choncho musavutike kuyesa mawu a adona anu. Dikirani Lamlungu lina limene adzakupempheni kuti mugwire ntchito, muone ngati malipiro ake adzabwere pa nthawi yake. Ndipo ngati pali china chimene chinakupwetekani chomwe iwo sanachitchule, mwina mawu amene anakulankhulani pamaso pa alendo, ino ndiyo nthawi yabwino yochinena mwaulemu. Khomo alitsegula okha.

M'masiku akubwerawa muona zinanso. Ena amaitana mlembi kuti ayang'ane ngati zilembo za mu mezuzah, kabokosi kaja ka pamphuthu ya chitseko, sizinafufutike. Ena amapita kumanda a makolo awo, ndipo zopereka kwa osauka zimachuluka. Loweruka usiku, kutatsala masiku osachepera 4 kuti chaka chilowe, amayamba mapemphero opempha chikhululuko otchedwa Selichot, obwereza mawu a pa Eksodo 34:6-7 onena za Mulungu wachifundo, wosakwiya msanga. Ayuda ochokera ku Morocco, Iraq ndi mayiko ena a kumeneko amayamba mapempherowa mwezi ukangoyamba, m'bandakucha, ndipo ku Yerusalemu khamu limadzaza usiku pa Khoma la Kumadzulo, khoma lotsala la pamalo pamene panali kachisi.

Tsiku lomaliza la Elul nyanga siilira, pofuna kusiyanitsa kuliza kwa mwambo ndi kuliza kwa lamulo kwa pa Rosh Hashanah. Kukhitchini ndiye ntchito idzachuluka: buledi wa challah wozungulira, maapozi ndi uchi, ndi alendo odzaza tebulo kwa masiku awiri. Kambiranani msanga ndi adona za maola owonjezera ndi malipiro ake, phwando lisanafike. Mukafuna kuwafunira zabwino, ingonenani kuti "Shana tova", kutanthauza chaka chabwino, adzamva.