Mfuti yoyenda nayo kuno ku Joni: musalipire musanaiwombere

Achimwene amene mwafunsa za mfuti, pepani kaye, kuberedwa kawiri chaka chimodzi si zocheza. Mwati muli ndi permanent residence, mumanyamula katundu wa anthu wopita kumudzi ndiye nthawi zina mumakhala ndi kashi, ndipo mukufuna kamfuti kakang'ono koti kasamaoneke m'malaya. Ine ndiyankha pa kakang'onoko, chifukwa ndi pomwe ndinapsa.

Laisensi yodzitetezera kuno ndi ija ya Section 13 ya Firearms Control Act ya 2000, ndipo pa Section 13 amakulolani mfuti imodzi basi, kwa zaka 5. Imodzi. Komanso sikuti mumagula lero n'kupita nayo kunyumba ngati foni ayi. Mumayamba mwachita training, kenako competency (satifiketi yoti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti) ku polisi kwa DFO, wapolisi woona za mfuti wa dera lanu, fomu yake SAPS 517, zala amadinda. Mfutiyo mumalipiriratu kwa dila, nambala yake imalembedwa pa fomu yofunsira laisensi ya SAPS 271 pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa chomwe mukuifunira, koma iyo imatsala mu sefu ya dilayo mpaka a ofesi yaikulu ya polisi yoona za mfuti ku Pretoria atavomera. Miyezi imatha muli chidikirire. Ndiye mukasankha molakwika mwadzimanga nokha, kusintha kwake ndi kuyambiranso mapepala.

Ine ndinachita zopusa zimenezo. Ndinalowa mu shopu ina, dzina sinditchula, mnyamata wa pa kaunta anandionetsa kapisito ka second hand ka 9mm, kolowa zipolopolo 6, kakang'ono ngati waleti, akuti "iyi bwana ngakhale mu shoti simuoneka". Ndinangokagwira, kuloza khoma kawiri, n'kulipira pompo. Ndinadikira miyezi 7. Tsiku loyamba ku renji, malo ophunzirira kuwombera, ndinafuna kulira. Chala chaching'ono chinalibe pogwira, chimangolendewera pansi, ndikawombera kamfutiko kamadumpha m'manja ngati chambo chamoyo, slide, chitsulo chapamwamba chomwe chimabwerera m'mbuyo ukawombera, inandidula pakati pa chala chachikulu ndi cholozera mpaka magazi. Pepala lili pa mamita 7 okha koma zipolopolo zina sizinalikhudze n'komwe. Bokosi la 50 lisanathe kanajama katatu. Mphunzitsi wa pa renji, m'dala wina wosalankhulalankhula, anangondipatsa yake yapakatikati kuti yesani iyi, zonse zinalowa pakati pa pepala, ine yemweyo, manja omwewo. M'pamene ndinadziwa kuti mfuti ikachepa kwambiri imavuta kuwombera, kulemera kuja n'komwe kumameza kukankha. Ndinakagulitsa moluza pafupifupi theka ndipo kudikira kunayambiranso.

Ndiye musanatulutse ngakhale randi imodzi pitani ku renji yomwe imabwereketsa mfuti, ku Joburg kuno zilipo zingapo, lipirani muwombere zitatu kapena zinayi tsiku limodzi. Mwina R600 kapena R800 ipita ndi zipolopolo zomwe, ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe ndinataya ine.

Pano ndili ndi Glock 19, magazini yake ya 15, ndipo chaka chachinayi chino sinandijamirepo. Sindikunena kuti ndi yokongola, ndi chidina chabe, koma holster yake (chosungira mfuti cha pa lamba), magazini, masipeya mupeza mu shopu iliyonse ya mfuti. Mtengo unali cha m'ma R14,000 mpaka R16,000 nthawi yomwe ndinayang'ana komaliza, mufunsenso poti randi simakhazikika. CZ P-10 C ndi saizi yomweyo, 15 nayonso, imakhala yotsikirako pang'ono ndipo ambiri amati imagona bwino m'manja kuposa Glock. Ngati ndinu ochepa thupi kapena manja ndi ang'ono yesani Glock 43X, ndi yopyapyala, ya 10, chigwiriro chake zala zonse zimakwana. Thumba likavuta kuli Taurus G3C ya 12, cha m'ma R8,000 kapena R9,000. Khalani pa 9mm, zipolopolo zake sizisowa ndipo bokosi la 50 zophunzirira ndi cha m'ma R400. Aja akukuuzani za mfuti ya zipolopolo zazikulu za .45 kuti "imagwetsa njovu" afunseni anapita liti ku renji komaliza.

Kubisa musade nako nkhawa, ndipo kuno si kufuna kwanu, ndi lamulo. Section 84 imati mukamayenda nayo pagulu ikhale mu holster kapena m'chikwama chake, yophimbika yonse. Chomwe chimabisa mfuti ndi lamba ndi holster, osati kuchepa kwa mfutiyo. Apanso ndinaphunzira mochititsa manyazi. Ndinali ndi ka holster kansalu kotchipa ndi lamba wamba wa pa msika, tsiku lina ndikuwerama kuthandiza anyamata kukweza firiji mu trailer ndinangomva chitsulo chikutsetsereka mu thalauzi mpaka pa bondo, anthu ali pompo, ndinayenda chokoka mwendo mpaka ku toileti. Gulani holster ya Kydex, pulasitiki yolimba, yopangidwira mfuti yanuyo, yophimba trigger yonse, makamaka Glock poti ilibe ka safety kotsekula ndi chala kaja. R800 mpaka R1,500 ndi lamba wolimba wina pamwamba pake. Shati ikhale yotayirira pang'ono basi, palibe adziwe.

Pa bajeti muikeponso sefu yovomerezeka ndi SABS (bungwe loona za miyezo ya katundu kuno) yomangidwa ndi mabawuti ku khoma kapena pansi, popanda imeneyo laisensi kulibe, ndipo ngati mukuchita lendi yambani mwalankhula ndi landilodi. Kiyi wake asadziwe mwana, asadziwe mlamu amene wabwera kudzafuna ntchito uja. Training ndi sefu pamodzi konzani R4,000 kapena kuposerapo.

Ndaona wina walemba kuti "inbox ndikulumikizeni ndi anyamata, R3,000 yokha". Akulu inu mukufuna mnzanu akafere kundende? Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi ndi mpaka zaka 15, ndipo simudziwa inapha ndani isanafike kwa inu, ikapita ku ballistics, komwe apolisi amayeza mfuti ndi zipolopolo, milandu yonseyo ndi yanu, permanent residence yanu n'kuthera pomwepo. Ndipo kwa ena amene mukuwerenga muli pa asylum kapena work permit, musataye ndalama ya training, competency amapereka kwa nzika kapena wa permanent residence wa zaka 21 kupita m'mwamba.

China, poti inu ndi wa pa msewu. Laisensi ya kuno imathera pa Beitbridge. Musayerekeze kuiika pansi pa mpando kuti mudutse nayo Zimbabwe, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza, mayiko atatu amenewo aliyense ali ndi malamulo ake ndipo akaipeza ndi nkhani ya kuzembetsa zida. Mukamapita kumudzi imatsala mu sefu.

Mukumbukirenso kuti khoti la kuno limayang'ana ngati moyo wanu kapena wa munthu wina unali pa ngozi nthawi imeneyoyo. Wakuba akuthawa ndi foni inu n'kumuwombera kumsana, wolowa m'selo ndinu. Kungolozera munthu mfuti pokangana za parking ndi mlandu kale, kuigwira mutamwa ndi mlandunso, ndiye Loweruka la ku braai muzisankha chimodzi, botolo kapena chitsulo. Ine chigulireni sindinaitulutsepo pa munthu, ndipo kunena zoona chomwe chinandithandiza kwambiri n'kusiya kuyenda ndi kashi. Makasitomala anu auzeni azilipira ku akaunti, amene akuberani kawiriwo mwina akuuzidwa ndi munthu wodziwa tsiku lomwe mumatolera ndalama.

Case number za milandu iwiri ija muzisunge bwino, muzidzaziika mu kalata ya motivation, ija yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira mfuti, zimalemera kuposa kungolemba kuti Joburg ndi yoopsa. Ndipo laisensi ikadzatuluka lembani penapake tsiku lothera, kukonzanso amafuna mupereke fomu kusanatsale masiku 90.