Aphunzitsi akuti "ease off": kodi ndimutaye mwana?

Mdzukulu wanga wa ku Leeds, ku England, wandilembera ali wokhumudwa. Mnyamata wake wa zaka 16 alemba mayeso akuluakulu a kusekondale otchedwa GCSE chaka chino, ndiye amamudzutsa 4 koloko m'bandakucha kuti awerenge, foni anamulanda, mpira anamuletsa. Mdzukulu wangayo atapita kusukulu, aphunzitsi anamuuza kuti, "You could ease off on him a bit." Funso lake nlakuti, "Agogo, ndiye kuti ndimulekerere?"

Ayi mwanawe, sanatero aphunzitsiwo. Akanafuna kuti uleke akanati "stop". Mawu akuti "ease off" amanena za kuchepetsa mphamvu pang'onopang'ono, chinthucho chikadalipo. Mvula ikasiya kukhuthuka nkuyamba kuwaza, Mngelezi amati "the rain is easing off". Dzino likaleka kubaya nkumangonyerenyetsa, nchimodzimodzi. Dalaivala wa minibasi akamayandikira msika wa Lizulu amachepetsa moto, koma injini sazimitsa. Tsono akaphatikizapo "on" nkutchula munthu, ndiye kuti mufewereniko, musamupanikize. Ukamva "ease up" usadabwe, ndi amodzimodzi.

Unkaona mmene ndinkamangira mbuzi kudambo. Chingwe chikathina pakhosi, mbuzi imalira tsiku lonse osadya. Ndinkachikhwefula mpaka zala ziwiri zilowe, koma kumasula ayi, chifukwa ikanakalowa m'dimba la eni. Chimene akukupempha aphunzitsiwo nkukhwefula kumeneko.

Ndikudziwa chikukuwawa. Umagwira ntchito usiku m'dziko lozizira, ndipo ukuopa kuti thukuta lako lipita pachabe. Sindikukudzudzula. Koma mwana wogona maola anayi amangoyang'ana buku, m'mutu mulibe chikulowa, ndipo tsiku lina adzasiya kukuuza zakukhosi. Chimenecho ndiye ndimachiopa kuposa kulephera masamu. Musiye agone mpaka kuche, Loweruka akamenye mpira, foni uzimupatsa akamaliza kuwerenga. Ulemu ndi ntchito zapakhomo, pamenepo usasunthe.

Chinanso, poti mawuwa wawadziwa, usamangowaponya paliponse. Ndi mawu a pakati pa anthu ozolowerana. Kuuza mnzako wakuntchito kuti "ease off on the sugar" palibe vuto, koma apongozi ako akamakalipira mdzukulu wawo usadzayerekeze kuwauza "ease off". Udikire mtima wawo utsike, ukhale nawo pansi, unene kuti, "Amayi, mwanayu wamva, mukhululukireni."